Apu Yaulere Yomwe Inamiza Bwana M'zonyansa

Panali munthu wina, kontrakitala wa zomangamanga, amene anzake ankamutcha Zamakono chifukwa chilichonse chatsopano ankafuna ayambe ndi iye kuchigwira. Amene anaona ndi maso akuti mpaka lero akaikumbukira nkhaniyi amalavula.

Zamakono ankasakasaka ntchito yomanga nyumba zosanja za kampani ina yayikulu. Atamva kuti mkulu wa kampaniyo amakonda gofu, anagula ndodo zake, nsapato zoyera ndi thalauza loyera, n'kuyamba kuphunzira. Patatha miyezi itatu mkuluyo anamuitana kuti akasewere naye Loweruka m'mawa, ku bwalo limene Zamakono anali asanapondeko.

Lachisanu ali pokonzetsa foni, bambo wina wosamudziwa anamumva akufunsa za apu yolondolera njira ndi ina ya gofu.

"Bwana, musavutike ndi ma apu awiri," anatero bamboyo. "Iyi ndi imodzi. Imakulondolerani njira, mukafika imakuuzani mtunda wotsala kukafika pa dzenje, zigoli imawerenga yokha. Yaulerenso."

Zamakono anapereka foni, bamboyo anaika apuyo pomwepo.

Kunyumba mkazi wake anaiyang'ana n'kugwedeza mutu. "Bambo a ana, apu imeneyi mwaitola kuti? Taonani, anaikonza komaliza zaka zinayi zapitazo, ndipo onse amene anaiyesa akudandaula. Yomwe mumayendera masiku onse ija yalakwanji?"

"Iwe za gofu ukudziwapo chiyani?" anayankha Zamakono, n'kumulanda foni.

Loweruka ananyamuka ndi dalaivala wake, bambo wa imvi amene anamuyendetsa zaka khumi ndi zinayi. Atafika pamphambano, foni inati, "Khoterani kumanzere."

Dalaivala anachepetsa liwiro. "Bwana, pepani, njira imeneyo anaitseka kalekale. Kumeneko n'komwe magalimoto opopa zimbudzi amakakhuthula. Tiyeni tidzere msewu waukulu, tichedwa ndi mphindi khumi basi."

"Foni ikuti kumanzere!"

"Foni sinapiteko, bwana. Ine ndinapitako."

Zamakono mtima unamuwira. "Iwe nkhalamba, ukuyankhana ndi ine? Tsika! Ntchito yatha. Ndakhala ndikudyetsa munthu pa ntchito yoti foni imagwira ulere."

Bambo wa msinkhu wa bambo ake omubereka anamusiya ali chilili m'mbali mwa msewu, iye n'kukhotera kumanzere.

Phula linatha, kunayamba fumbi. Kenako fungo. Anatseka mawindo, koma fungo linalowabe mpaka kukhosi. Ntchentche zobiriwira zinadzaza pagalasi. Foni inangoti, "Pitirirani kutsogolo." Kutsogoloko kunkaoneka ngati dothi louma. Anaponda moto, ndipo galimoto inangoti phwa! Matayala onse anamira.

"Mwafika," inatero foni.

Zoonadi, kapinga wa bwalo la gofu ankaoneka tsidya, kuseri kwa mpanda wa waya. Pakati pake panali dziwe la zonyansa za tauni yonse. Zamakono anatsegula chitseko, anaponda, anamira mpaka m'mawondo. Nsapato imodzi inatsalira pansi. Mphutsi zinayamba kukwera thalauza loyera lija. Anasanza, anasanzanso. Komabe poganiza za ntchito ija, anasenza chikwama cha ndodo pamutu, anawoloka, n'kukwawira pansi pa waya.

Osewera atamuona anabalalika atagwira mphuno. Mayi wina anataya ndodo n'kuthawa. Mkulu wa kampani uja anaima patali, kansalu kali pakamwa.

"Kodi ndi inu? Chachitika n'chiyani?"

Apa munthu wanzeru akanangovomera kuti walakwitsa. Koma Zamakono anati, "Ndi dalaivala wanga, bwana. Chidakwa chimenechi. Ndinamuuza kuti tidzere msewu waukulu, iye makani. Wandilowetsa m'dziwemo n'kuthawa."

Mkuluyo anakodola munthu amene anali pakhonde la nyumba yopumuliramo osewera. Anali dalaivala uja.

"Bambo awa ndawapeza akuyenda wapansi pamsewu, ndawakweza," anatero mkuluyo. "Mukudziwa komwe amapita? Si kwawo ayi. Amabwera kuno kudzapempha thirakitala yoti ikakukokeni, chifukwa amadziwa kuti mukamira. M'galimoto monse sanakunenereni choipa ngakhale chimodzi. Amangoti bwana wanga sakuidziwa njira."

Dalaivala anangoyang'ana pansi.

"Zili pathupi panuzo mukasamba zichoka," anapitiriza mkuluyo. "Koma zomwe zatuluka pakamwa panuzi zandinyansa kwambiri. Munthu wokankhira mnzake mlandu chonchi ndingamupatse nyumba zoti mudzagone anthu? Khoma likadzagwa mudzati walakwa ndani? Chokani pa kapinga, mukuononga."

Osamalira bwalo anamutengera kuseri kwa shedi n'kumuthira madzi ndi paipi yothirira maluwa, ataima patali. Ntchito ija inapita kwa wina. Madzulo ake Zamakono anaimbira dalaivala kuti abwerere, mawu ali ofewa, akumutchula kuti "bambo".

"Zikomo bwana," anayankha bamboyo. "Za kunditsitsa pamsewu ndikanaiwala. Koma ine mowa sindinaulawepo chibadwire, ndipo inu mukudziwa."

Sanabwererenso.

Phunziro: Musalole munthu wosamudziwa kukuikirani apu mu foni. Yambani mwaona kuti anaikonza liti komanso amene anaiyesa akuti chiyani. Foni ikamatsutsana ndi munthu wodziwa njira, mverani munthuyo. Ndipo mukagwa m'zonyansa chifukwa cha makani anu, musapake mnzanu. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene amamvera foni kuposa anthu, aiwerenge asanamire.