Fainess Aone Dzuwa

Ndaima pakhomo, Fainess ali m'manja, dzuwa lotulukira kuseri kwa phiri la Michesi lafika kale pakhonde.

Mwana wangayu ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, koma sanayambe kuyenda. Miyendo yake ndi ya matewe. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumubisa m'nyumba, pamphasa, kuti amayi opita kunkhuni asamamunene.

Dzulo kusikelo alangizi a zaumoyo anamugwira mawondo, kenako anandiyang'ana. "Amake Fainess, mafupa amafuna dzuwa, bonya ndi mazira. Mwana sasungidwa ngati mbewu m'nkhokwe."

Kangolo kamatabwa kophunzirira kuyenda kali pakona, fumbi lokhalokha. Anakakhoma Elton, bambo ake, asanapite ku Joni. Anati tsiku lobwera mwana adzamuchingamira akukankha kangoloko, ine ndili pambuyo ndi chitenje chatsopano. Tsikulo ndinkaliona ngati filimu, mpaka mtundu wa chitenjecho ndinasankhiratu. Foni yake inasiya kulowa mu Malichi.

Ndatulutsa kangolo. Ndamukhazika Fainess pabwalo, miyendo poyera.

Amayi atatu aima panjira, nkhwangwa paphewa.

"Kodi mwanayu alipo?" watero mmodzi. "Ife timayesa munamutumiza ku Joni kwa bambo ake."

Aseka. Ine sindinamufunditse nsalu Fainess.

Fainess watsinzina, dzuwa lamuthobwa m'maso. Kenako wagwira kangolo, wadzikoka, waima akunjenjemera. Wayang'ana kunjira, komwe ine ndimayang'ana tsiku lililonse.

Ndachoka kumbuyo kwake n'kukagwada kutsogolo, pakati pa iye ndi njirayo.

"Kuno, mama. Bwera kwa ine. Amene alipo ndine."