Mwendo wa Mayi Telala

Dokotala anakweza chithunzi cha ekisire pawindo n'kuloza pamwamba pa bondo.

"Ichi ndi chotupa cha m'fupa, mayi. Munachedweranji kubwera?"

Mayi telala anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wake, amene ankangofinya chipewa m'manja. Miyezi isanu ndi itatu yonse akupalasa makina osokera, mwendo ukuwawa ngati akuukhoma msomali, bamboyu ankangoti, "Ulesi umenewo, paka mafuta."

"Ayankheni adokotala, abambo. Paja matendawa munawatulukira kale ndinu."

Bamboyo anatembenukira kwa dokotala. "Kodi mudula mwendowu?"

"Tiyamba tatenga kachidutswa ka fupa kuti tikayeze," anatero dokotala. "Koma asaupondere, ungathyoke. Pafunika munthu wowanyamula, wowasambitsa, wowaperekeza kuchimbudzi."

"Tiitana mng'ono wake," bamboyo anafulumira kuyankha.

"Mng'ono wanga walakwanji?" Mayiyo anamwetulira koyamba tsikulo, kumwetulira kopanda chifundo. "Munthu alipo, adokotala, ndi awa. Kutopa sakudziwa, ulesi amadana nawo."

Anakankhira kumbali njinga ya odwala imene namwino anabweretsa, n'kutambasula manja.

"Gwadani, abambo. Ndiberekeni."