Mkamwini wa kwa Kadewere amene anatseka njira ya mvuu

Panali munthu wina wa kwa Kadewere ku Chiradzulu, dzina lake Silvesta. Amene anandiuza nkhaniyi amamudziwa bwino, ndipo akuti ndi yoona.

Silvesta anali mkamwini. Munda umene ankalima unali wa apongozi ake, mizere yowerengeka, yoti ukayetsemula uli pakati malovu amakagwera m'munda mwa eni. Chimene ankalakalaka pamoyo wake chinali chimodzi basi: munda woti azinena kuti wanga. Atamva kuti m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa damu la ku Liwonde, malo alipo, anatsanzika mkazi wake Bernadetta n'kunyamula khasu.

Kumeneko bambo wina wa komweko, Che Halidi, anamudulira dimba lalikulu. Koma pakati pa dimbalo panadutsa ngalande yakuya kulekeza m'chiuno, yochokera kumtunda kukathera mumtsinje.

"Apa musalimepo achimwene, komanso musatsekepo," anatero Che Halidi. "Ndi njira ya mvuu. Imatulukira pano kukadya, imabwereranso pompano. Akatsegula mageti ku damu madzi n'kusefukira, nawonso amabwerera mumtsinje kudzera momwemu."

Silvesta anaseka. Munthu wa ku Chiradzulu kumuonetsa dothi lakuda lopanda mbewu ndiye kumutukwana, paja kwawoko amadzala mpaka pakhomo pa chimbudzi.

"Nthaka yonseyi muisiyire nyama? Kwathu madzi timawatchinga ndi milambala. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, Che Halidi."

"Chabwino. Kalumoko muzimeta nako mosamala," anayankha bamboyo.

Silvesta anakwirira ngalandeyo. Kumbali ya mtsinje anaunjika mlambala wofika pachifuwa, anaulimbitsa ndi matumba a mchenga, pamwamba n'kuikapo minga. Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Mvuu inayamba kuzungulira kutali, iye n'kumati waigonjetsa. Chimanga chinakula mpaka kubereka ziwiriziwiri.

Mwezi wa Epulo wailesi inalengeza kuti nyanja yadzadza, mageti atsegulidwa kwambiri, anthu a m'mbali mwa mtsinje asamukire kumtunda. Anzake onse ananyamuka. Che Halidi anabwera kudzamutenga.

"Tiyeni achimwene. Chimanga si mwana, sichilira mukachisiya."

"Pitani inu amene mulibe milambala," anatero Silvesta.

M'mawa mwake iye anali maso pamtsinje, koma madzi sanadzere kutsogolo. Anasefukira pokhota kumtunda uko, n'kumudzera kumbuyo mwakachetechete. M'madimba mwa anzake madziwo ankalowa n'kutsetserekera m'ngalande za mvuu, kubwerera mu Shire. Mwa Silvesta analowa n'kusowa potulukira. Mlambala uja unagwira ntchito ndithu, koma unawatsekera mkati, dimba n'kusanduka beseni.

Silvesta anathawira pa nsanja yoingitsira mbalame. Dzuwa likamafika pamutu, chimanga chinali chitamira mpaka ngayaye, ndipo mitengo ya nsanja inali ikugwedezeka. Kusambira sankadziwa. Mapemphero onse amene anaphunzira kumishoni anawanena, ena kawiri.

Kenako madzi a kumtunda anatukumuka ngati pansi pakutuluka chulu. Panatuluka makutu awiri aang'ono, mphuno, kenako msana wautali ngati bwato. Inali mvuu yaikazi, mwana wake ali pambali. Inkabwerera kumtsinje, ndipo ngakhale ngalande inali yokwiriridwa, pamwamba pali madzi okhaokha, inkayenda ndendende mmene njira yake inkadutsa kale, osaphonya ngakhale phazi limodzi.

Inadutsa pafupi ndi nsanja moti akanatambasula mkono akanaikhudza. Inaima. Inapuma kamodzi, mpweya wotentha n'kumuwomba m'miyendo. Diso lake linamuyang'ana pang'ono, kenako linayang'ana kwina. Silvesta anaiwala kulira, anaiwala ndi mantha omwe. Chiyambire sanaonepo chamoyo chachikulu chotero, chodekha chotero.

Itafika pa mlambala sinathamange, sinakalipe. Inangoika chifuwa n'kukankha. Ntchito imene Silvesta anaigwira milungu itatu inaphwasuka ngati chigumu, mayi ndi mwana n'kulowa mu Shire.

Madzi onse anatsatira pambuyo pawo ndi mkokomo umene anthu anaumva ali kumtunda. Anakokolola chimanga, matumba a mchenga ndi dothi lakuda lomwe. Nsanja inapendekeka koma sinagwe. Pofika madzulo, madzi anali ataphwa moti Silvesta ankaona nthaka.

Che Halidi anamupeza akadakakamira mtengo wa nsanja, ndipo anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. M'madimba oyandikana nawo chimanga chinali chamatope koma chili chiimire. Pa dimba la Silvesta panatsala chigwembe cha mchenga, choti ngakhale bonongwe sangamerepo.

Anabwerera kwa Kadewere wopanda ngakhale khasu, n'kukagwada kwa apongozi kupempha polima. Patapita masiku, Bernadetta anamufunsa ngati akudandaula chimanga.

"Chimanga ayi, amayi a kunyumba," anatero Silvesta. "Ine ndinkati ndikulimbana ndi mvuu miyezi yonse ija. Iyo inandiyang'ana kamodzi, n'kuona kuti palibe woti n'kulimbana naye."

Phunziro: Madzi saiwala khwawa, ndipo nyama siiwala njira yake. Ukafika kwa eni n'kupeza malo amene asiya osalima, funsa chifukwa usanatukule khasu, poti nzeru za kumapiri sizigwira kudambo. Akalengeza kuti mageti a damu atsegulidwa, samuka tsiku lomwelo. Silvesta anapulumutsidwa ndi nyama yomwe anaitsekera njira, koma mwayi wotere subwera kawiri. Tumizirani abale anu onse amene amalima m'mbali mwa mitsinje, asadzamve nkhwangwa ili m'mutu.