Anaika Ng'oma pa Kulira kwa Mayi Ake

Panali mnyamata wina kuno ku Imbaba, mu Cairo, dzina lake Essam. Amene anandiuza nkhaniyi amakhala khomo loyang'anizana ndi kwawo, ndiye musati n'zam'maluwa.

Essam ankapanga nyimbo pa kompyuta. Ankadula mawu apa, kumata apo, n'kuika ng'oma pansi pake. Akamaliza ankaponya m'gulu lina la pa intaneti, momwe anyamata opanga nyimbo amamverana ntchito, kuyamikirana pang'ono ndi kunyozana kwambiri. Iye gawo lake linali kunyozedwa.

"Aise, izi si zomwe zija za dzana?" ankamulembera. "Ukufuna tivine kapena tigone?"

Bambo ake, a Sattar, anali atamwalira chaka chathacho. Mayi ake anakulira kumudzi ku Sohag, ndipo anali ndi kaliridwe kakwawo, kolira moimba, kolankhula ndi malemu ngati ali pomwepo. Lachinayi lililonse m'mawa, akusankha mpunga pazenera, ankayamba motsitsa mawu: "Inu a Sattar, malaya anu akadali pamsomali, mubwera liti kudzavala?" Ankawauza zonse, za bondo lopweteka, za ana osamva. Akatha ankapukuta m'maso n'kuteleka tiyi, mtima utapepuka.

Tsiku lina Essam anabisa foni kuseri kwa chitini cha shuga n'kujambula. Mchemwali wake wamkulu, Nermin, anamupezerera akumvetsera.

"Iwe, fufuta zimenezo. Amayi sakuimbira iwe."

"Achemwali, za nyimbo simuzidziwa inu. Ndingowamvetsa anzanga a m'gulu basi."

"Gulu lakolo lili ndi chitseko choti utseke?"

"Aaa, tilipo ochepa, timadziwana."

Kudziwana kwake kuti, anthu oti sanaonanepo ngakhale mphuno! Koma mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Nermin anangomusiya.

Essam anadula mzere wa malaya uja, kuufulumizitsa, n'kuuikira ng'oma zogunda mpaka pachifuwa. Ataponya, gulu lonse linatekeseka.

"Bwana, mawu awa mwawatola kuti?"

"Ndi mayi ena ake a kumudzi," anayankha, osachita ndi manyazi omwe.

Wina wodzitcha Zizo anamulembera kumbali. "M'bale wanga, nditumizire yonse ndikaimvere pa masipika enieni. Ndalumbira, siituluka m'chipinda mwanga." Essam anali asanatchedwepo bwana chibadwire. Mutu unakula, anatumiza.

Pasanapite nthawi nyimbo ija inayamba kumveka m'matukutuku, tinjinga ta matayala atatu tonyamula anthu tija. Essam ataimva koyamba pamsika, anatulutsa foni pomwepo. Anamulembera Zizo kumuchonderera kuti aichotse.

"Ndiichotse m'mafoni a Cairo yense?" anayankha Zizo. "Watchuka iwe, m'malo mothokoza ukulira?"

Kunyumba Essam anayamba kutseka mawindo, ati fumbi. Nermin ankangomuyang'ana.

Kenako mwana wa aneba anakwatiwa. Mipando anaindandalika mumsewu monga mwa nthawi zonse, masipika ataliatali mbali zonse ziwiri. Amake Essam anakhala pakati pa amayi anzawo, ndipo kanali koyamba kupita pachisangalalo chimwalirireni amuna awo. Woika nyimbo anakuwa kuti, "Iyi ndiye mwaidikira!" Ng'oma zinagunda, kenako mawu aja.

Anyamata analumpha onse. Wina anavula malaya n'kumawazunguza m'mwamba, anzake akukuwa pamodzi, "Mubwera liti kudzavalaaa!"

Mayi amene anakhala pafupi anawagwira mkono. "Amake Essam, si mawu anu awa?"

 Amake Essam anamvetsera mpaka dzina la amuna awo litabwerezedwa, anthu akuombera m'manja. Atatero anaimirira, kukonza mpango wawo wakuda, n'kukwera masitepe opita kunyumba kwawo pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija.

Essam anawatsatira n'kugwada pakhomo la chipinda. Analira, anapepesa, anafufuta zonse za pa kompyuta iwo akuona.

"Dzuka," anatero mayi ake. "Ndiwe wanga, ndingakutaye kuti? Ndakukhululukira."

Mnyamatayo anaganiza kuti zatha. Lachinayi litafika, mayi aja anakhala pazenera ndi mpunga wawo, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Lachinayi linalo chimodzimodzi. Tiyi sanatelekenso, ankangopita kukagona. M'nyumbamo munali zii, ndipo Essam zinamuwawa kuposa kutukwanidwa.

"Amayi, imbani," anatero tsiku lina. "Foni ndaisiya panja. Ndituluke nanenso ngati mukufuna."

"Ndayesa, mwana wanga," anayankha. "Ndikangoti 'inu a Sattar', ndikumva ng'oma zija kumbuyo, ndi anyamata aja akukuwa. M'nyimbo muja ndi momwe ndinkakumana ndi bambo ako, awiriwiri. Pano mwadzaza anthu."

Tsiku lomwelo mayiwo anachotsa malaya aja pamsomali, kuwapinda bwinobwino, n'kuwatsekera m'sutikesi.

Ndikumva kuti nyimboyo ikumvekabe m'maukwati. Essam akaimva amakhotera njira ina. Mayi ake alipo, akudya, akuyenda, koma sanalankhulenso ndi amuna awo.

Phunziro: Si mawu onse okoma amene ndi ako kuti ugawe. Usanajambule munthu, mufunse, makamaka wa m'nyumba mwako, ndipo usakhulupirire kuti chimene waponya m'gulu chithera m'gulumo. Madzi akatayika saoleka. Tumizirani ena uthengawu, makamaka achinyamata amene foni siichoka m'manja, asanalande mayi wina malo ake olirira.