Chitsime Chofuna Dzuwa

"Chotsani malatawa pachitsimepa, bambo," anatero mayi wa ku labotale pouza mlimi. "Kaufa tabweretsaka kamaphwanya poizoni wa mankhwala opopera mbewu amene walowa m'madzimu, koma pokhapokha dzuwa likakawomba. Mumdima n'kopanda ntchito."

Mlimiyo anangoima chilili, hamala ili m'manja. Malatawo anawakhomera yekha tsiku lomwe anavuula mtembo wa mwana wake m'chitsimemo, ndipo chiyambire ankatunga ndi pampu, osasuzumiramo.

"Adzukulu anu akumwa madzi amenewa," mayiyo anatero motsitsa mawu.

Misomali inalira pozuka. Kuwala kutalowa, nkhope inamuyang'ana kuchokera m'madzimo. Inali yake ndithu, koma maso anali a mwana uja.

"Nditsekenso liti?" anafunsa.

"Musatseke, bambo. M'mawa uliwonse muziwerama n'kuvundula madziwa, kaufaka kasakhazikike pansi."