Mayi Braddock Asainira Magetsi Otchipa

Mayi Braddock anali akuthira tiyi kachitatu pamene Callum Rafferty anafika patsamba lofunika kusaina. Kunja chisanu cha mu Juni chinali chitakuta tauni yonse ya Lithgow, koma m'khitchini mwa mayiwo munali mofunda bwino. Hita yamagetsi inkayaka pafupi ndi miyendo yawo yotupa, ndipo Callum ankayesetsa kusaiyang'ana.

Ntchito yake inali yogogoda khomo ndi khomo, kunyengerera anthu kuti asiye kampani yomwe amagulako magetsi n'kulowa ya abwana ake. Chiyambireni boma kulola makampani kupikisana, anthu a ntchito imeneyi anachuluka ngati nyerere pashuga, aliyense ndi pepala lake komanso pakamwa potsekemera. Eni nyumba anatopa nawo. Ambiri ankamutsekera Callum chitseko asanamalize n'komwe moni. Koma mayi awa, amasiye a zaka 81 okhala okha, anachita kumukokera mkati.

Mtengo umene ankawagulitsawo sunali wabodza kwenikweni. Masana magetsi ankatchipadi. Koma kuyambira 3 koloko mpaka 9 koloko madzulo ankakwera pafupifupi kawiri, ndipo zimenezi zinalembedwa m'tizilembo tating'ono kumunsi kwa tsamba lachiwiri. Kwa munthu woweruka mochedwa kuntchito, wochapa zovala Loweruka masana, unali mtengo wabwino ndithu. Kwa gogo wa nyamakazi amene hita yake siizima madzulo onse, unali msampha. Callum ankadziwa bwino mmene zimathera. Bilu yoyamba ikabwera, gogo amachita mantha, amazimitsa hita n'kudzikuta bulangete, kenako mumangomva kuti ali m'chipatala ndi chibayo.

Ankadziwanso kuti sabata yonseyo sanalembetse munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo abwana ake anali atamukumbutsa m'mawa womwewo kuti ofuna ntchitoyo alipo ambiri.

"Ndiye kuti ndizilipira zochepa, eti mwanawe?" anafunsa Mayi Braddock.

"Zochepa kwambiri, amayi. Masana," anayankha Callum. Mawu omalizawo anawatchulira kukhosi.

Funso limeneli anali atalifunsa kale kanayi. Callum akafotokoza, iwo ankagwedeza mutu, n'kupatukira ku nkhani ya malemu amuna awo amene anathera moyo mumgodi wa malasha, kapena ya mwana wawo wamkazi wokhala kutali mumzinda wa Perth, wotanganidwa mpaka foni imamulemera. Akamaliza ankabwerera n'kunena kuti, "Tayambiranso, sindinamve bwino." Ola lathunthu linatha choncho. Callum anaona yekha kuti mayiwa sakutolapo kanthu, ndipo akanawapatsa pepala logulitsa nyumba yomwe akanasainabe akumwetulira.

Anawapatsa cholembera. Kulemba dzina lokhalo kunawatengera nthawi. Callum analandira pepalalo, n'kuliika m'chikwama, ntchito yake n'kupulumuka.

Anayembekezera kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Keke ya kokonati imene mayiwo anamupatsa anaisiya osaimaliza. Anali atanamizapo anthu, inde, koma anali madoda odziwa kuwerenga okha, oti akapusa ndi zawo. Wodyera masuku pamutu gogo amene wakupatsa mpando wapafupi ndi hita, ameneyo ndi munthu wamtundu wanji? Anachita manyazi, ndipo anadzida.

Anaimirira n'kuvala jekete. Atatembenuka kuti atsanzike, anawapeza atawerama patebulo, akumukulungira makeke awiri otsala kuti akadye panjira. Zala zawo zopindikazo zinkalephera kupinda pepala. Pamenepo mpamene chikumbumtima chinamugonjetsa. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa pepala losainidwa lija.

"Amayi, ndakulakwirani," anatero, maso ali pansi. "Mtengo umenewu si wanu. Madzulo, nthawi imene mumayatsa hitayi, magetsi ake ndi odula koopsa. Ndimadziwa chiyambire, koma ndinakhala chete chifukwa ndimafuna dzina lanu lokhalo. Khalani ku kampani yomwe muliko."

Anang'amba pepalalo pakati, n'kuling'ambanso, n'kuika zidutswazo pafupi ndi ketulo. Ntchito inali itapita, koma kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anapuma bwino. Anadikira kuti amukalipire, mwinanso amuthokoze. Zonse ziwiri anali wokonzeka kuzilandira.

Mayi Braddock anayang'ana zidutswazo. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Iwe mwana, wang'ambiranji?" anafunsa motsitsa mawu. "Za 3 mpaka 9 zija ndinaziona usanakhale n'komwe pansi. Ukuyesa magalasiwa ndi okongoletsa nkhope?"

Callum anakhalanso pampando.

"Lamulo limandipatsa masiku khumi oti ndisinthe maganizo," anapitiriza mayiwo. "Ndimasaina, tsiku lachisanu ndi chinayi ndimaimba foni n'kuletsa, ndiye kampani imatumizanso mnyamata yemweyo kudzandinyengerera, timamwanso tiyi." Anamukankhira kaphukusi ka makeke kaja osamuyang'ana. "Anzako onse anayi chaka chino anabwera kawiri. Nanga iwe ubweranso kudzatani?"