Zilembo za Achimwene pa Siteshoni

Burashi inali itanyowa kale ndi penti woyera pamene mkulu wopenta anazindikira dzanja la munthu amene analemba chikwangwani cha pakhoma la siteshoni. Anangoti chilili pa makwerero.

CHIPINDA CHODIKIRIRAMO SITIMA. Dzimbiri linali litadya m'mbali monse, koma zilembo zinkaonekabe. "R" aliyense anali ndi mwendo wautali ngati akuthawa. Umu ndi mmene ankalembera malemu achimwene ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi.

"Madala, mwagona pamwambapo?" anakuwa kapitawo ali pansi. "Fufutani msanga. Mawa m'chipindamo mukulowa matumba a simenti."

"Bwana, bwanji tingochizula? Ndikachisunge kunyumba."

"Misomali imeneyo inagwirana ndi njerwa sitima zisanasiye n'komwe kuima pano. Mukufuna mutigwetsere khoma? Pakani penti, tiweruke."

Mkuluyo anausa moyo. Penti anali atayamba kuyenderera mpaka m'chigongono. Anapukuta fumbi pa zilembozo ndi mkono wa malaya, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa wodwala.

"Achimwene, tasunthani pang'ono ndigwire ntchito," ananong'ona.

Kenaka anapaka mzere woyamba.